Kuyeza chigwembe ndi zithunzi za pafoni

Alimi anzanga a m'tsinde mwa phiri la Dedza, mvula ikatha timangodandaula kuti chigwembe chakula. Koma chakula motani? Pokonza zotchinga za miyala ndi kubzala vetiva, muyeso umafunika, ndipo foni ya kamera ikhoza kutithandiza bola tijambule moyenera.

Tayesani izi pomwe mwakhalapo. Imikani chala patsogolo pa mphuno, tsinzinani diso limodzi, kenaka linalo. Chala chikudumpha kwambiri, pomwe mtengo wa kutali ukungosuntha pang'ono. Maso athu ndi otalikirana masentimita pafupifupi 6, ndipo kusiyana kwa zimene diso lililonse likuona n'kumene kumauza ubongo chapafupi ndi chakutali. Wasayansi wa ku England, Charles Wheatstone, anazifotokoza kale mu 1838. Kompyuta imatsata njira yomweyo: imasaka mwala umodzi pa zithunzi ziwiri n'kuona mmene wasunthira. Mtunda ukawirikiza kawiri, kusunthako kumatsika ndi theka.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa. Amaima malo amodzi n'kumangotembenuza foni. Zithunzi zotero zili ngati za diso limodzi, kuya sikutulukamo. Jambulani, pondani phazi limodzi cham'mbali, jambulaninso, mpaka mutsirize chigwembe chonse mbali zonse ziwiri. Chithunzi chilichonse chibwereze magawo awiri mwa atatu a chinzake, ndipo musakhudze zoom, ija yokuzira zinthu pojambula. Chonde musaponde kumilomo kwenikweni, dothi lake limagumuka.

Musanayambe, gonekani pansi ndodo yoyezedwa mita imodzi kuti izioneka m'zithunzi. Popanda ndodoyo kompyuta idzatulutsa maonekedwe okha, osadziwa ngati ndi chigwembe chomeza ng'ombe kapena una wa mbewa.

Madzi, matope onyezimira ndi udzu wogwedezeka ndi mphepo zimasokoneza kompyuta, chifukwa imasowa chizindikiro chogwira. Tchetchani kaye, ndipo dikirani chilimwe. Mitambo ya mu Juni ndi Julayi kuno kwathu ndi yabwino kwambiri poti imachotsa mithunzi yakuda, koma nkhungu ikatsika bwererani kunyumba.

Zithunzizo perekani kwa amene ali ndi kompyuta yamphamvu. Pulogalamu ya OpenDroneMap, yomwe imalumikiza zithunzi n'kutulutsa maonekedwe a malo oti nkuyeza, ndi yaulere. Zotsatira zikabwera, ine ndimatsimikizabe malo awiri ndi tepi. Khomani zikhomo m'mbali, ndipo chaka chamawa mudzajambule pomwepo kuti tione ngati zotchinga zathu zikugwiradi dothi.