Musanagule matayala, marimu ndi tenti za kaunjika za galimoto yoyendera misewu ya ku Mangochi

Galimoto yongoyenda pa tara kuchoka ku Liwonde kukafika pa boma la Mangochi siivutitsa kwambiri matayala ake. Koma ikawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukhotera ku Malindi, Lungwena mpaka ku Makanjira, kapena kukwera zitunda za Chowe kulowera ku Namwera ndi Katuli, tayala limakumana ndi adani ake enieni: kutentha, miyala yakuthwa, mchenga, ndi matope a dzinja. Matayala atsopano a 4x4 ndi odula, ndiye ambiri amathamangira kaunjika. Si kulakwa. Marimu ndi tenti za kaunjika zimapindulitsa ndithu. Pa tayala ndiye pofunika kudekha, chifukwa chomwe chimaliphulitsa nthawi zambiri sichioneka kunja.

Yambani ndi msinkhu wa tayala

Musanayang'ane mano, funani tsiku lomwe tayala linapangidwa. Pambali pa tayala pali mzere womwe nthawi zambiri umayamba ndi zilembo za DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, choncho litembenuzeni. Akakhala opalidwa kapena ofufutidwa, lisiyeni pomwepo.

Labala imauma ndi zaka, ngakhale tayalalo lisanayendepo. Lopitirira zaka 6 ndi lokayikitsa kale, ndipo la zaka 10 siliyenera kukwera pa galimoto ngakhale mano ake ali akuya. Kuno kunyanja, komwe tara wa ku Monkey Bay amawotcha phazi mu Okutobala ndi Novembala, tayala louma limasiyana ndi mawaya ake n'kuphulika galimoto ili pa liwiro. Ogulitsa ena amapaka polishi kapena oyilo kuti lioneke lakuda bii. Pukutani ndi nsanza, dinikizani mbali ndi bondo, muone ngati pakutuluka timing'alu tonga ta dothi la m'dambo louma. Yang'ananinso pansi pa ngalande za mano, kumene ming'alu imayambira.

Msampha wina ndi matayala a chisanu obwera ndi galimoto za ku Japan. Amaoneka okongola, mano akuya okhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota, ndipo pambali palembedwa STUDLESS kapena mayina monga Blizzak, iceGuard ndi Winter Maxx. Labala yake ndi yofewa, yopangidwira ayezi. Pa tara wotentha imadyeka msanga ndipo galimoto imachedwa kuima mukaponda buleki.

Mano ndi mtengo wake

M'ngalande za tayala muli timilatho ta labala totalika 1.6 mm. Mano akafanana ndi timeneti, tayala latha ntchito. Koma malire amenewa ndi a pa tara wouma. M'matope a ku Makanjira tayala la mano osakwana 5 kapena 6 mm limangozungulira pamodzimodzi. Poyeza, lowetsani kamtengo ka machesi m'ngalande, gwirani ndi chikhadabo pomwe mano athera, muyeze pa rula. Chitani zimenezi m'mphepete mwa kunja, pakati, ndi m'mphepete mwa mkati, malo atatu kuzungulira tayala. Likadyeka mbali imodzi, linachokera pa galimoto yopindika miyendo. Likakhala ndi mabampu okwera ndi kutsika mukalisisita ndi chikhatho, mashoka anali akufa, ndipo lidzalira ndi kunjenjemeretsa chiwongolero mpaka kutha kwake.

Muyeso umenewu ndiwo ukuuzeni mtengo. Tayala latsopano la AT, loyenda pa tara ndi pa fumbi pomwe, limabwera ndi mano a 10 mpaka 13 mm. Tinene kuti linali ndi 12, ndipo mudzalichotsa likafika pa 3. Ndiye kuti mano ogwira ntchito ndi 9 mm. Wogulitsa akakuonetsani la 6 mm n'kunena kuti "latsala theka, bwana", zoona zake n'zakuti latsala 3 mm pa 9, gawo limodzi mwa magawo atatu. Kulipira theka la mtengo wa latsopano pamenepa ndi kuluza.

Chenjerani ndi mano osema. Ena amatenga tayala lakutha n'kukumbanso ngalande ndi mpeni wamoto. Mudzaliziwa chifukwa timilatho tija sitioneka, pansi pa ngalande pamakhala posasalala, ndipo penapake waya amasuzumira. Kusema kumaloledwa pa matayala a malole olembedwa REGROOVABLE okha, osati a Hilux kapena Prado.

Lioneni mkati

Tayala lomwe lili pa rimu musaligule lisanachotsedwe. Ndalama yochepa yomwe mungapatse wamatayala kuti alitsegule ndi imene ingakupulumutseni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Walitsani tochi mkati ndipo yendetsani dzanja pang'onopang'ono mozungulira. Mukapeza ufa wakuda wa labala, kapena mzere wamakwinya wozungulira mbali yonse, tayalalo linayendetsedwa lopanda mpweya ndipo ulusi wake unathyoka. Limapopeka bwinobwino, koma likungodikira tsiku.

Chigamba cha pakati pa mano, pa bowo la msomali losapitirira 6 mm, chilibe vuto ngati chinamatidwa bwino mkati. Chigamba cha pambali kapena pa phewa la tayala ndi chokanira, pakuti mbali imapindika nthawi iliyonse tayala likazungulira ndipo palibe guluu wopirira zimenezo. Onaninso mkombero womwe umakhala pa rimu: zitsulo zotsegulira zikaung'amba mpaka waya kuoneka, mpweya uzithawa usiku uliwonse. Akalibwezera n'kulipopa, lisisiteni mbali zonse kufuna chotupa. Chotupa, ngakhale chaching'ono ngati dzira la nkhunda, chimatanthauza kuti ulusi wa mkati waduka.

Saizi ndi kulemera

Pa 265/65R17, 265 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 65 ndi kutalika kwa mbali m'maperesenti a kutambalalako, 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Pambuyo pake pamabwera nambala ya katundu: 112 ndi makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, 116 ndi 1,250, 120 ndi 1,400. Musatsike pa nambala yolembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. Galimoto yonyamula tenti, zigubu za madzi ndi anthu asanu imafuna matayala a LT, omwe mbali zake ndi zokhuthala ndipo sizibooledwa wamba ndi zitsa kapena miyala.

Onse anayi akhale a saizi imodzi, makamaka mtundu umodzi ndi mano ofanana, ndipo sipeya isasiyane nawo. Pa galimoto monga Prado, yomwe imakoka ndi miyendo yonse nthawi zonse, tayala limodzi lalikulu kapena laling'ono limagwiritsa difu ya pakati, yomwe imagawa mphamvu ya injini ku miyendo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, ntchito yosalekeza mpaka kuiwononga. Mukapeza awiri okha abwino, aikeni pa ekiselo imodzi.

Marimu

Apa ambiri amaluza ndalama chifukwa chongowerenga mabowo. Hilux ya 4x4, Fortuner, Prado, Pajero, Isuzu D-Max ndi Ford Ranger zonse zili ndi mabowo 6 pa 139.7 mm, muyeso wochokera pakati pa bowo lina kukafika pakati pa loyang'anana nalo. Nissan Navara D40 ilinso ndi mabowo 6, koma pa 114.3 mm, choncho rimu yake silowa pa Hilux. Land Cruiser 79 ndi 100 zili ndi mabowo 5 pa 150 mm, Defender yakale 5 pa 165.1 mm.

Ngakhale mabowo agwirizane, pali bowo lalikulu la pakati. La Hilux ndi 106.1 mm, la Ranger ndi 93.1 mm. Rimu ya Ranger sikhala pa habu ya Hilux. Mukaikakamiza ndi manati imapendama, ndipo mabawuti amaduka limodzilimodzi. Kumbuyo kwa rimu kumadindidwanso ET ndi nambala, yosonyeza mmene rimuyo imalowera mkati kapena kutulukira kunja. Yotuluka kwambiri imakongoletsa galimoto, koma imatopetsa mabering'i ndi kukhula bodi mukakhota. Njira yosavuta ndi kupita ndi galimoto kwa wogulitsa, kukweza jeke, n'kuyesa rimu pa mwendo wa kutsogolo, kumene kuli kalipa ya buleki yaikulu. Izungulireni ndi dzanja, mumvetsere ngati ikukhula, ndipo muike kamtengo pafupi ndi mkombero muone ngati ikuvina. Kenako pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri.

Kwa woyenda kutali ndi tauni, rimu yachitsulo ndiyo bwenzi. Ikapindika pa mwala, nyundo imaiwongola pomwepo. Ya aluminiyamu ndi yopepuka, koma imang'aluka, ndipo yowotcherera musaigule. Itsukeni kumbuyo muyang'ane m'mizu ya masipoko ndi mozungulira mabowo. Mabowo otambasuka ngati dzira akusonyeza kuti inayenda ndi manati omasuka. Dzimbiri lokhuthala pomwe tayala limakhala limathawitsa mpweya. Manati nawonso amasiyana: marimu a aluminiyamu a Toyota amafuna manati afulati okhala ndi washa, achitsulo amafuna osongoka. Mukamanga, bwerezaninso kumanga mutayenda makilomita 50 mpaka 100. Marimu ogawika pakati, a chubu, omwe amapezeka pa Land Cruiser zina, mphete yake imatha kufwamphuka popopa n'kupha munthu, choncho popani mutaima patali.

Marimu ndi matayala zimabedwa kwambiri. Wogulitsa wa pa Facebook kapena WhatsApp musamutumizire ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanagwire katunduyo ndi manja anu, ndipo mulemberane kalata ya malonda yokhala ndi dzina lake ndi nambala ya chitupa chake.

Zida zomwe zimayenda ndi matayala

Pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja, kutsitsa mpweya kufika pa 18 psi pa geji yoyezera mpweya kumatambasula tayala kuti liyandame m'malo mokumba. Mukatsika pansi pa 15, tayala likhoza kuvuka pa rimu pokhota. Pobwerera pa tara muyenera kupopanso, apo ayi litentha n'kuphulika, n'chifukwa chake geji ndi pampu ya magetsi si zosiya kunyumba. Pampu ya kaunjika iyeseni pa tayala lenileni: yabwino imakweza tayala la 4x4 kuchoka pa 18 kufika pa 32 psi m'mphindi zochepa osazima, ndipo imalumikizidwa ku batire ndi zopanira, osati pa bowo loyatsira ndudu. Tenganinso fosholo, thabwa lokhuthala loika pansi pa jeke, ndi zotsekera mabowo a misomali.

Chingwe chokokera galimoto yotitimira chokha gulani chatsopano. Dzuwa limachiwoletsa mosaoneka. Ndipo musachikolowetse pa mpira wachitsulo wokokera ngolo, chifukwa ukathyoka umauluka ngati chipolopolo.

Tenti ndi zophikira

Tenti ya kaunjika imangeni yonse pamaso pa mwini wake. Werengani mitengo yake ndi zikhomo, lowani mkati masana mutatseka, muone pomwe kuwala kukulowera, kenako thirani ndowa ya madzi pamwamba mudikire mphindi khumi. Nsalu yomata m'manja kapena yosupuka ngati mamba yatha, ndipo fungo la chuku silichoka. Mazipi ndi ukonde wa mazenera ndiwo ofunika koposa kuno, pakuti kabowo kolowa chala ndi khomo la udzudzu, ndipo malungo a kunyanja sachita nthabwala. Zikhomo za waya sizigwira pa mchenga wa ku Chembe mwera ukamawomba mu Juni ndi Julayi. Pezani zazitali za 30 cm kapena kuposa, kapena kwirirani matumba a mchenga mumangirire zingwe pamenepo. Mukagona pafupi ndi Shire kapena nyanja ya Malombe, funsani eni mudzi njira yomwe mvuu zimatulukira usiku.

Tenti ya padenga imalemera makilogalamu 50 mpaka 70. Onani m'buku la galimoto kulemera komwe denga limaloledwa kunyamula poyenda, muphatikize ndi keriyala yake. Yang'anani mahinji, makwerero, ndi pansi pa matiresi pomwe chinyezi chimabisala.

Silinda ya gasi yopindika, yadzimbiri kunsi, kapena yopakidwa penti watsopano pofuna kubisa zina, isiyeni. Pakani thovu la sopo pa valavu ndi polumikizira, ndipo likatupa ndiye kuti ikutaya. Paipi ndi kalabala kotsekera sinthani ndi zatsopano ngakhale zikuoneka bwino. Mbaula ya makala kapena chitofu cha gasi zisalowe m'tenti yotseka, chifukwa mpweya wake ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Firiji ya 12V ilumikizeni ku batire ikadali yofunda, muikemo botolo la madzi, mudikire ola limodzi. Ya kompuresa imafika pafupi ndi madigiri 4 kapena kutsikirapo, n'kumazima ndi kuyaka yokha. Ija ya kafani kokha imangotsitsa madigiri 15 mpaka 20 pa kutentha kwa kunja, ndiye tsiku lofika pa 36 chambo chanu chidzakhala pa 18 ndi kuwonongeka. Panani pepala pa chitseko mulikoke. Likatuluka mosavuta, labala yatha ndipo kompuresa sidzapuma. Firijiyo ikhale ndi batire yakeyake ya 100Ah, yolekanitsidwa ndi yolizira injini, kuti m'mawa ku Cape Maclear galimoto idzalire.