Kiyibodi ya pa tabuleti ikabalalika musathamangire kukaflashitsa

Tabuleti ikangoyamba kuvuta kiyibodi anthu ambiri kuno ku Zomba amangoinyamula ulendo wa ku msika kwa anyamata okonza mafoni, ndipo kumeneko yankho lomwe limabwera msanga ndi loti iflashidwe basi. Kuflashako kumafufuta chilichonse, zithunzi, manotsi a ku kalasi, ma PDF omwe munavutikira kudawuniloda ndi bandulo ya usiku, pomwe nthawi zambiri vuto lake ndi kabatani kamodzi komwe munakakhudza osadziwa kapena mwana anakadina akusaka gemu. Kumeneko ndi kuotcha nkhokwe chifukwa cha khoswe mmodzi. Zambiri mwa izi mutha kukonza nokha muli pakhonde, osatulutsa olo kwacha imodzi.

Choyamba dziwani kaye kuti kiyibodi yanuyo ndi iti, chifukwa kiyibodi ndi app payokha ngati WhatsApp. Ma tabuleti a Samsung amabwera ndi Samsung Keyboard, ena ambiri a Android amabwera ndi Gboard ya Google, iPad ili ndi yake ya Apple, ndiye pali ena omwe anaikamo SwiftKey ya Microsoft. Mayina a ma menu amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa tabuleti komanso Android yomwe ilimo, nde mukapanda kupeza zomwe ndikutchula musataye mtima, tsegulani Settings, pamwamba pali posaka, lembanipo keyboard zikubweretserani zonse.

Vuto lomwe limaopseza anthu kwambiri ndi loti kiyibodi yachepa ngati ya pafoni ndipo ikungoyendayenda pakati pa sikirini, kapena yang'ambika pawiri, theka kumanzere theka kumanja pakati pali gwa. Sinawonongeke ayi, anaipanga dala kuti munthu wogwira tabuleti ndi manja awiri azitayipa ndi zala zazikulu. Pa Gboard yoyandamayo igwireni pa kamzere kali pansi pake muikokere mpaka pansi pa sikirini, ikhazikika yokha. Ikakana dinani kachizindikiro ka timabokosi tinayi kali pamwamba pa zilembo, mupeza Floating, dinani pamenepo izime. Pomwepo palinso One-handed, yomwe imakankhira kiyibodi mbali imodzi, ndi Resize yosinthira kukula, ndipo mu Resize muli kabatani ka Reset kobwezera mmene inalili. Pa Samsung lowani Settings, General management, Samsung Keyboard settings, kenako Mode, musankhe Standard keyboard. Koma apa chenjerani, Samsung imasunga zosankha ziwiri, china cha tabuleti ikaimirira china cha ikagona chammbali, ndiye anthu amakonza chimodzi, akangoitembenuza yang'ambikanso, nkumati yabwerera matenda. Konzani zonse ziwiri.

Pa iPad ndiye zimachitika ndi zala basi. Mukaitsina kiyibodi ndi zala ziwiri imachepa, mukaika zala ziwiri pa yaing'onoyo nkuzitambasula imabwerera. Ikang'ambika pawiri dinikizani kwa kanthawi kabatani ka chithunzi cha kiyibodi kali pansi kumanja, musankhe Merge kapena Dock and Merge.

Tsopano nkhani ya zilembo kusinthana malo, iyi ndiyo imasowetsa mtendere makamaka kwa omwe anazolowera kutayipa osayang'ana. Kiyibodi yomwe tinazolowera ife imayamba ndi QWERTY pamzere wapamwamba. Koma ma tabuleti ambiri omwe timagula ndi ogwiritsidwa kale ntchito kunja, ndipo ngati mwini wake woyamba anali wolankhula Chifalansa imabwera ndi AZERTY, pomwe A ndi Q anasinthana malo, W ndi Z chimodzimodzi, M anasamukira pafupi ndi L. Kwa munthu wolemba Chichewa zimenezi ndi zowawa zedi chifukwa A ndi W timawagwiritsa ntchito pafupifupi mzere uliwonse, mukafuna kulemba wawa zala zikamapita mmalo mozolowera pamatuluka zqzq. Ya ku Germany ndi QWERTZ, iyo inangosinthanitsa Y ndi Z yokha nde imabisala, mumangodabwa kuti zikomo akutuluka yikomo, ayi akutuluka azi, mpaka kumadzikayikira nokha kuti mwina ndi maso.

Musanalowe kutali yang'anani pa batani lalitali la sipesi, nthawi zambiri pamalembedwa chilankhulo chomwe kiyibodi ili pa nthawiyo. Pa Gboard lidinikizeni kwa kanthawi, zilankhulo zonse zomwe zilimo zituluka musankhe English. Pa Samsung mumakhwekhweretsa chala pa sipesiyo kumanzere kapena kumanja, ndipo ndi mmene anthu ambiri amasinthira chilankhulo mwangozi akutayipa mothamanga. Pa iPad ndi kachizindikiro ka dziko lapansi. Kungosintha sikokwanira koma, mawa zibwereranso, chofunika ndi kuchotseratu zilankhulo zomwe simuzigwiritsa ntchito. Pa Gboard dinikizani batani la chizindikiro cha koma (,) mpaka kagiya katuluke, lowani Languages, chotsani French, German, kaya Arabic, zonse zosafunika, kenako dinani pa English yotsalayo muwonetsetse kuti chosankhidwa ndi QWERTY chifukwa olo English imatha kukhala pa AZERTY, Dvorak kapena Colemak. Samsung ndi mu Languages and types. iPad ndi Settings, General, Keyboard, Keyboards.

Kanthu kena kofunika apa, ngati munaika pasiwedi ya zilembo pa loko kiyibodi ili yosokonekera, pasiwediyo inasungidwa ndi zilembo zomwe zinatulukazo osati zomwe munkaganiza mmutu. Ndiye mukakonza kiyibodi tabuleti nkuyamba kukana pasiwedi, musaiyese kambirimbiri mpaka kuitsekeratu, ganizani kaye kuti pomwe mumati W mwina panali Z.

Mukadali mu Languages momwemo pa Gboard dinani Add keyboard musake Chichewa kapena Nyanja, mayina onsewo yesani. Mukaiwonjezera pambali pa English, khalidwe lija lomakusinthirani mawu limachepa, lija loti mwalemba ndili bwino iyo nkuikapo zachingerezi zomwe simunanene, uthenga wapita kale ku gulu la mpingo. Ine ndimaona kuti kwa munthu wosakaniza Chichewa ndi Chingerezi mu uthenga umodzi, monga timachitira tonse, bola kungozimitsa Auto-correction mu Text correction nkusiya kamzere kongopereka maganizo kaja, kuti muzisankha nokha. Pa Samsung dzina lake ndi Auto replace. Kachizindikiro aka ('), ka mu ng'ombe ndi m'mawa, kamabisala pa tsamba la manambala, ndipo pa iPad kamatuluka kopindika chifukwa cha Smart Punctuation, zomwe zilibe vuto pa WhatsApp koma polemba pasiwedi kapena posaka dzina mu fayilo zimatha kusokoneza, mutha kuizimitsa mu Keyboard momwemo. Ofuna kulemba Malaŵi ndi kadenga kake pa iPad angodinikiza w kwa kanthawi.

Nanga ikakhala kuti kiyibodi sikutuluka nkomwe? Funso loyamba, kodi munalumikizapo kiyibodi yeniyeni ya Bluetooth, zija zimabwera ndi kava zomwe ana asukulu a ku UNIMA ndi ku Domasi amakonda polemba ma asayimenti? Tabuleti ikaona kuti ilipo imabisa ya pa sikirini, olo kiyibodiyo ili mchikwama kuchipinda bola ngati ili yoyaka. Zimitsani Bluetooth muone. Ngati mukufuna zonse ziwiri zizigwira, sakani Physical keyboard mu Settings muyatse pomwe akunena za kuonetsa on-screen keyboard. Pamenepo ndi pomwenso mungakonzere vuto lija loti mukadina Shift ndi 2 kufuna @ pakutuluka zizindikiro za mawu ogwidwa, imeneyo ndi nkhani ya English US ndi English UK, pa US @ ali pa 2 pomwe pa UK ali kufupi ndi Enter, nde sankhani yogwirizana ndi zomwe zalembedwa pa mabatani anuwo.

Pena mmalo mwa zilembo pamangotuluka chimaikolofoni choti mulankhule. Apo ndiye kuti kiyibodi ya zilembo ya pa sikirini inazimitsidwa kwatsala Google Voice Typing. Pitani ku Settings, System, Languages & input, On-screen keyboard, Manage, muyatse Gboard. Ndipo ngati tabuleti ikulankhula yokha, chilichonse mukakhudza chikuzunguliridwa ndi kabokosi ndipo chikufuna kudina kawiri, imeneyo ndi TalkBack ya anzathu osaona, yesani kudinikiza mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi 3, zikakanika kaizimitseni mu Accessibility.

Pali nthawi zina zomwe vuto si kiyibodi, ndi sikirini. Mukudina K pakutuluka L, kapena zilembo zikudzilemba zokha ngati muli mizimu. Chotsani kaye pa chaja muyesenso, chifukwa ma chaja otchipa aja a pa depoti amapereka magetsi osakhazikika ndipo tachi imapenga, zimachitikanso mukamachaja pa ma inveta ena magetsi akazima. Pukutani sikirini, thukuta ndi mafuta a mandasi zimasokoneza, ndipo nyengo ya chifunga cha kuphiri kuno chinyezi chimalowa pansi pa galasi lotetezera likakhala long'aluka. Kenako yesani kanjira aka, onani zilembo zomwe zikukana, tinene kuti ndi O ndi P, ndiye mutembenuze tabuleti igone chammbali kapena mutu pansi. Ngati O ndi P ayamba kugwira koma zayamba kukana zina zomwe zafika pamalo pomwe paja, ndiye kuti gawo limenelo la tachi linafa, palibe setting yomwe ingadzutse, pakufunika sikirini ina. Podikira ndalama yake kiyibodi yoyandama ija ndiyo imathandiza tsopano, mumangoikokera mbali yomwe ili yamoyo nkumatayipa bwinobwino.

Zonsezi zikalephera ndiye muikonze app yakeyo. Settings, Apps, pezani Gboard kapena Samsung Keyboard, dinani Force stop, lowani Storage mudine Clear cache, izi sizifufuta kanthu kanu. Ikapitiriza dinani Clear data, koma dziwani kuti mawu onse a Chichewa omwe inaphunzira kwa inu apita, muyambanso kuiphunzitsa mayina ngati Chinamwali ndi Mpondabwino. Ngati inayamba kuvuta itangopanga apudeti, pa timadontho titatu pamwamba pamakhala Uninstall updates. Samsung ili ndi Reset to default settings mkati mwa ma setting a kiyibodi, iPad ili ndi Reset Keyboard Dictionary pansi pa Transfer or Reset iPad, pamenepo dinani mosamala chifukwa Erase All Content and Settings ili pafupi pomwepo. Muthanso kungoika kiyibodi ina kuchokera pa Play Store, koma ikhale Gboard kapena SwiftKey, zija zamaluwamaluwa zodzadza ndi zotsatsa zisiyeni, kiyibodi imaona chilichonse chomwe mukulemba kuphatikiza mapasiwedi a ku banki.

Mukafika poti palibe kuchitira mwina koma kuifufuta tabuleti yonse, tsimikizani kaye kuti akaunti ya Google yomwe ilimo ndi yanu ndipo pasiwedi yake mukuikumbukira, chifukwa kuyambira pa Android 5.1 tabuleti ikafufutidwa imatha kufunsa akaunti yomwe inalimo kale isanatseguke. Ngati akauntiyo ili ya mwini wake wakale ichotseni mu Accounts musanayambe, ndipo mafayilo anu muwakopere ku memori kadi kapena pa laputopu.