Tebulo lodzaza padzuwa likutidyera mpamba pa zionetsero

Pa zionetsero za ulimi ndi malonda za chaka chino, kulikonse kumene magulu a alimi ndi a mabizinesi ang'onoang'ono anakhoma mabenchi muno m'boma la Mangochi, cholakwa chinali chimodzimodzi. Pofika 7 koloko m'mawa katundu yense amakhala atatsitsidwa m'matumba ndi m'makatoni, n'kuyalidwa patebulo mpaka kusowa poika dzanja. Mabotolo a juwisi wa malambe m'mizere, uchi, chiponde, timapaketi ta usipa wofutsa, milu ya tomato, mpiru womangamanga. M'mawa zimakongola ndithu, ngakhale alendo olemekezeka amaima n'kujambula. Koma pitaninso pa benchi lomwelo 2 koloko masana mukaone zimene dzuwa lachita.

Chizolowezi chimenechi tachitenga kumsika wa tsiku ndi tsiku, kumene amati kasitomala amaitanidwa ndi tebulo lodzaza. Kumsika kuli shedi, kuli mtengo wa mango umene mwakhala pansi pake zaka zambiri, ndipo ogula amafika m'mamawa chifukwa akufuna ndiwo za nkhomaliro. Chionetsero ndi china. Chimachitikira pabwalo la mpira kapena la sukulu, pamtetete popanda mtengo, ndipo m'mawa wonse anthu amakhala akumvera zolankhula ndi kuonera magule. Kugula kwenikweni kumayamba mlendo wolemekezeka akamaliza kuyendera mabenchi, nthawi zambiri dzuwa litafika kale paliwombo. Ndiye kuti katundu amene munayala 7 koloko wapsa maola asanu kapena asanu ndi limodzi wogula woyamba asanatulutse ndalama. Kodi mumayalira ndani m'mawa wonsewo?

Ndipo kuno si ku Dedza kapena ku Mzimba. Ife tili m'chigwa, m'mphepete mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, kumene kuyambira September kutentha kwa masana kumadutsa madigiri 30 mosavuta, ndipo October ndi November ndiye osanena. Muyezo umenewo ndi wa mumthunzi. Botolo limene lili padzuwa, kapena pansi pa pepala lakuda la pulasitiki limene mwakunga ngati denga, limatentha kuposa pamenepo.

Tiyambe ndi zakumwa, chifukwa ndi kumene ndalama zambiri zatayikira. Juwisi wa malambe amene timapangira kunyumba ndi ufa wa malambe, madzi ndi shuga basi, mulibe mankhwala otetezera kuti asawonongeke. Shuga m'madzi ofunda ndiye chakudya cha yisiti ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Tikayamba kudya shugayo timatulutsa mpweya, botolo limalimba ngati mpira, pansi pake pamatupa moti siliimanso bwino patebulo, ndipo potsegula limachita thovu. Amene wagula amangolawa kamodzi n'kudziwa. Thobwa ndiye silichedwa n'komwe, chifukwa chimera chimakhala chitayamba kale ntchito yake. Thobwa lozuna m'mawa, likakhala m'chigubu padzuwa, masana limakhala litasasa ndipo layamba kununkhira ngati likupita ku mowa. Kumbukirani kumene muli. Ogula athu ambiri kuno ndi Asilamu, ndipo munthu amene mwamumwetsa thobwa lotere sabweranso, komanso amakauza anzake kuti pa benchi la gulu lakuti musamagulepo.

Pa zakudya zophika monga mpunga, nyemba, nsomba yokazinga ndi samusa, malangizo a zaumoyo ndi odziwika: chakudya chophika chisakhale maola oposa awiri chisanadyedwe ngati sichili pamoto kapena pozizira, chifukwa tizilombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60. Boma lino linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri ndi kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Taiwala kale? Munthu akuphika mpunga 5 koloko m'mawa kuti adzagulitse 1 koloko masana, m'beseni lovundikira ndi nsalu, ntchentche zili ng'waa.

Usipa wouma anthu amati suopa dzuwa popeza unaumitsidwa ndi dzuwa lomwelo. Ukakhala pathandala poyera, mwina. Koma tsopano timaulongedza m'timapepala ta pulasitiki kuti uoneke wamakono, ndipo ndi bwino kutero. Vuto ndi lakuti nsomba youma imakhalabe ndi chinyezi pang'ono mkati. Paketi ikatenthedwa chinyezicho chimatuluka, chimasowa kolowera, n'kukhala timadontho m'kati mwa pepalalo. Madzulo kukazizira timadonthoto timabwerera pa nsomba. Mukabwereza masiku awiri kapena atatu a chionetsero, usipa umafewa, umayamba nkhungu, ndipo mafuta ake amasintha fungo n'kumayabwa pakhosi. Ntchito yonse imene gulu linagwira kuumitsa nsomba mwaukhondo m'tenti youmitsira nsomba yatha ndi masana awiri. Wosalongedza nawonso, wa pachigoba, ukauma mopitirira umangofumbutuka, mitu kuthothoka, moti pansi pa dengu pamatsala zinyenyeswa zimene palibe angagule pamtengo wa usipa.

Uchi suwola, koma ukatentha umasungunuka n'kukhala ngati madzi, umatupa pang'ono m'botolo n'kuyamba kuchucha pachitsekero. Wogula akawona uchi wothamanga chotero amati mwathiramo madzi, ngakhale muli osalakwa. Ndipo ngati munafula usanakhwime, uli ndi madzi opitirira magawo 20 pa 100 alionse, kutenthako kumaufulumizitsa kuwira. Kenako njuchi ndi nyerere zimabwera, amayi a ana n'kumalambalala benchi lanu. Chiponde chimalekana, mafuta pamwamba phala lolimba pansi, mafutawo n'kutsikira pa lebulo imene munalipira kusindikiza. Sopo ndi mafuta odzola opangira kunyumba amafewa. Mbewu ya soya kapena ya mtedza imene yakhala tsiku lonse m'jumbo padzuwa imaoneka bwinobwino, chikomekome cha nkhuyu, koma mphamvu yake yomera yatsika, ndipo mlimi amene wagula adzazindikira mu December mizere itamera mwa apo ndi apo.

Mayi wina wa gulu la azimayi cha ku Malindi anabwera ndi mabotolo 60 a juwisi wa malambe, atanyamula pa kabaza mbandakucha ali ozizira bwino. Anali nalo bokosi losungira zozizira, lobwereka, koma analisandutsa mpando, mabotolo onse ali patebulo. Atafunsidwa chifukwa chake, anati oweruza a chionetsero amapereka mphoto kwa benchi looneka lodzaza, ndipo chaka chatha gulu loyandikana nalo linawina khasu ndi ndowa chifukwa cha zomwezo. Masana mabotolo ena anali atatupa. Anayamba kugulitsa awiri pamtengo wa limodzi, otsalawo anakapatsa ana a sukulu amene anabwera kudzavina, zimenenso sizinali zoyenera. Khasulo sanawine. Pokwera kabaza kubwerera, nkhawa yake inali ya mmene akafotokozere anzake a banki m'khonde, poti shuga anagula ndi ngongole ya kumeneko.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri mumati "angowonongeka ochepa" osadziwa kuti ochepawo akudya chiyani. Tiyerekeze kuti botolo mukugulitsa K1,000, ndipo mukaphatikiza malambe, shuga, botolo lenilenilo, lebulo, thiransipoti ndi ndalama ya malo, botolo lililonse lakudyerani K750. Phindu ndi K250. Botolo limodzi likatayidwa mwataya K750, ndiye kuti phindu la mabotolo atatu amene mwagulitsa lapita. Pa mabotolo 60 munalowetsa K45,000. Mukagulitsa 45 n'kutaya 15, mwatolera K45,000 yomweyo. Mwadzuka usiku, mwaima tsiku lonse, mwagulitsa mabotolo atatu pa anayi alionse, ndipo mwabwerera opanda ngakhale tambala ya phindu. Akawonongeka 20 ndiye mwayamba kudya mpamba. Ikani mitengo yanu yeniyeni m'malo mwa iyi, muona kuti nkhani yake sisintha kwenikweni. Ndipo apa sitinawerengere dzina la gulu, limene lili pa lebulo ya botolo lotupalo limodzi ndi nambala ya foni.

Ena amati ife tinali ndi denga. Denga lake liti? Pepala lakuda lokungidwa pamitengo inayi yofika m'mutu si mthunzi, ndi uvuni. Limamwa kutentha n'kukutsitsira pa katundu, ndipo mphepo ilibe podutsa. Chinanso chimene simuyang'ana ndi chakuti mthunzi umayenda. Mangochi ali kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, choncho mu June ndi July dzuwa la masana silidutsa pamutu penipeni, limapendekera kumpoto. Ngati denga lili mamita awiri ndipo tebulo likufika m'chiuno, mthunzi umagwa pafupifupi mita imodzi chakummwera kwa pamene mukuganiza. Tebulo limene mwaliika kutsogolo kwenikweni kwa chisakasa choyang'ana kumpoto limakhala padzuwa tsiku lonse, mthunzi uli kumbuyo kumene mwakhala inu eni ake ndi zikwama zanu. Mu October dzuwa limadutsa pamutu, koma pofika 3 koloko lapendekera kumadzulo ndipo mthunzi wathawira kum'mawa kuposa mita imodzi. Anthu amakhoma chisakasa madzulo a dzulo lake kapena mbandakucha, osaganizako kumene dzuwa lidzakhale nthawi yogulitsa.

Komanso tisanamizire umphawi pa chilichonse. Udzu ulipo, mlaza ulipo, mphasa zili m'nyumba iliyonse. Makolo athu ankamanga zisakasa zozizira bwino popanda kugula kanthu. Ife tasiya zimenezo chifukwa pulasitiki akuoneka wachitukuko.

Za kulembetsa malo, kukonza chenji, kulemba mitengo poonekera ndi kukhala ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba sindikambapo, mukuzidziwa. Zoti muchite pa nkhani ya dzuwayi ndi izi, mwachidule. Patebulo ikani zoonetsa zokha: mabotolo asanu kapena asanu ndi limodzi a mtundu uliwonse, ndipo ngati mukufuna kuti oweruza aone tebulo lodzaza, dzazani ndi mabotolo opanda kanthu omata lebulo, wogula muzimupatsa wochokera m'bokosi. M'bokosimo gawo limodzi mwa atatu likhale la madzi oundana. Umitsani madzi m'mabotolo a malita awiri kwa amene ali ndi firiji masiku awiri chisanafike chionetsero, chifukwa botolo lotere limachedwa kusungunuka kusiyana ndi ayisi wophwanyaphwanya, ndipo silinyowetsa malebulo. Bokosi likhale pansi pa tebulo, pa thabwa kapena pa njerwa, lofunditsidwa chiguduli chonyowa, osalitsegula pafupipafupi. Opanda bokosi agwiritse ntchito mtsuko kapena ndowa ya madzi yokutidwa ndi chiguduli chonyowa, pamalo podutsa mphepo. Masamba akhale m'dengu pansi pa nsalu yonyowa, muzitulutsa mitolo itatuitatu. Usipa ukhale m'katoni mumthunzi, mapaketi awiri okha patebulo, ndipo amene aonekera dzuwa agulitsidwe tsiku lomwelo. Ngati chionetsero ndi cha masiku atatu, juwisi ndi thobwa pangani za tsiku limodzilimodzi, ndipo tsiku loyamba bweretsani zochepa kuti muone kagulidwe.

Denga likwere mamita awiri ndi theka, lofoleredwa ndi udzu kapena mlaza, kapena mphasa pamwamba pa tenti ngati tentiyo ndi imene mwapatsidwa. Tebulo libwerere m'kati mita imodzi kuchoka pamphepete. Sungani mphasa imodzi yoti mupachike mbali ya kumadzulo ikangokwana 1 koloko. M'miyezi ya mwera mangani nsanamira ndi zingwe pa zikhomo, chifukwa mphepoyo imazula chisakasa chongoimika n'kugwetsera fumbi ndi mitengo pa katundu. Ndipo tumani munthu mmodzi wa gulu akaime pamalo panu dzulo lake, 12 koloko ndi 3 koloko, akhome kamtengo pamene mthunzi ukuthera.