Mwana akabwerera ku softball bondo litachira, yambirani kumapazi

Aphunzitsi ndi makolo ambiri akaona mwana amene anavulala bondo akuphonya mpira, amathamangira kumukonza manja. Kawirikawiri vuto silikhala m'manjamo. Mphamvu yomenyera mpira imachokera pansi: phazi limaponda, chiuno chimazungulira, kenako mapewa ndi bati zimatsatira. Mwana akamaopa bondo lake, thupi lonse limazemba mwendo umenewo, ndipo zimene mukuona m'manja ndi zotsatira chabe.

Chilolezo choyambiranso chichokere kwa dokotala kapena physio (katswiri wa mafizo), osati kwa mwana wonena kuti "ndili bwino" chifukwa anzake akusewera. Ngati anachitidwa opaleshoni ya mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL, masewera ozungulira pa mwendo amayamba pakatha miyezi 9 kapena kuposerapo, ndipo a physio ambiri amafuna kuti mwendo wovulalawo ufike pa 90 peresenti ya mphamvu za unzake. Kuno ku Johannesburg zipatala monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Chris Hani Baragwanath zili ndi mbali ya mafizo. Apempheni akulembereni zimene mwana waloledwa: kuzungulira pa mwendo, kuthamanga, kutsetsereka pa base (malo amene wothamanga amaponda pozungulira bwalo). Izi ndi zinthu zosiyana, ndipo sizimaloledwa tsiku limodzi.

Tsono dziwani kuti bondo lovulalalo ndi lakutsogolo kapena lakumbuyo. Kwa mwana womenya chakumanja, mwendo wamanzere ndiwo wakutsogolo.

Bondo lakutsogolo ndi limene limaimitsa thupi mwana akaponda, kuti chiuno chizungulire. Likakhala lovulala, mwana amatsalira pa mwendo wakumbuyo, phewa lakumbuyo limagwa, bati imadutsa pansi pa mpira, mpira n'kumangokwera m'mwamba. Apa chepetsani sitepe. Aime mapazi atatalikirana kale, kupitirira pang'ono mulifupi mwa mapewa, ndipo m'malo mosuntha phazi angokweza chidendene n'kuchitsitsa. Akazolowera, muloleni sitepe ya masentimita 10 basi. Phazi lakutsogolo litseguke pafupifupi madigiri 45 kulowera kwa woponya mpira. Likaloza ku plate (chizindikiro chapansi chimene womenya amaima pambali pake), chiuno chimafuna kuzungulira pamene phazi lakana, ndiye kupotokola konse kumathera m'bondo. Aponde bondo litapindika pang'ono, liwongoke pang'onopang'ono pamene bati ikufika pa mpira, osati kuliwongola mwadzidzidzi mpaka kumapeto. Imani kutsogolo kwake mumuyang'ane: bondo liyenera kukhala pamwamba pa chala chachiwiri cha phazi. Likamagwera mkati, imitsani. Kugwera mkati kumeneku n'kumene kumaika ACL pa chiopsezo, ndipo atsikana amadula mtsemphawu kawirikawiri kuposa anyamata.

Bondo lakumbuyo ntchito yake ndi kunyamula thupi poyamba, kenako kutembenuka. Mwana woliopa amathawira kutsogolo msanga, mutu umasuntha, ndipo mpira umangogubuduka wopanda mphamvu. Chofunika ndi chidendene. Chikakhalabe pansi pamene chiuno chikuzungulira, bondo limapotoka ngati nsalu yoifinya. Chidendene chinyamuke, phazi litembenukire pa nsonga, bondo ndi zala ziyende limodzi. Muuzeni kuti akamaliza kumenya, zingwe za nsapato yakumbuyo ziyang'ane kwa woponya mpira. Ana amamva zimenezi msanga kuposa kuwafotokozera za madigiri.

Nsapato ndi bwalo musazitenge mopepuka. M'miyezi ya June ndi July mabwalo a kuno amakhala ouma gwa, ndipo m'mawa kumazizira kwambiri, choncho atenthetse thupi kwa mphindi 10 mpaka 15 asanagwire bati. M'chilimwe, mvula yamasana ikadutsa, ma stud (timano ta pansi pa nsapato) amamira n'kugwira nthaka, phazi osatembenuka. Masabata oyamba amenye atavala ma takkies (nsapato zamasewera zopanda ma stud) pamalo osalala, ndipo musamulole kuima m'dzenje limene omenya ena akumba pafupi ndi plate. Likwirireni kaye.

Kachulukidwe ka ntchito kaziyenda motere. Ayambe ndi kuzunguza bati popanda mpira, ndi theka la mphamvu, kawiri maulendo 10. Kenako mpira wokhazika pa tee (kamtengo koimika kokhazikapo mpira), katatu maulendo 10, akupuma pakati. Kenako womuponyera pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, kenako kuchokera kutsogolo, ndipo pomaliza woponya weniweni ali pa mamita 12 kapena 13 malinga ndi msinkhu. Tsiku limodzi amenye, lotsatira apume, uku akupitiriza mafizo olimbitsa ntchafu ndi matako. Asakwere gawo lina pokhapokha atachita kawiri popanda bondo kutupa m'mawa mwake. Tepi ya telala imathandiza: yezani kuzungulira bondo pamalo amodzimodzi m'mawa uliwonse, mulembe. Likatupa, bwererani gawo limodzi. Likamafooka mwadzidzidzi kapena kukana kuwongoka, siyani zonse mubwerere kuchipatala.

Bati ikhale yopepukirapo. Ya mainchesi 30 yolembedwa -11 (kutanthauza kuti pa mainchesiwo muchotse 11 kuti mupeze ma ounce) imalemera ma ounce 19, pafupifupi magalamu 540. Ngati simungathe kugula ina, agwire bati yakeyo masentimita 2 kapena 3 m'mwamba mwa pogwirira, imamveka yopepuka.

Pali maganizo amodzi amene timawakana: kumusamutsa mwana kuti azimenya chakumanzere n'cholinga choteteza bondo. Bondolo silipuma, limangosintha ntchito, ndipo mwana amaiphunzira ntchitoyo alibe luso, miyendo ikupotoka mosadziwika. Kumenya kwa slap, kumene womenya amapingasa miyendo akuthamanga, n'koopsa kwambiri pa bondo limene likuchira kumene.

Mujambuleni pa foni kamodzi pa sabata, kuchokera m'mbali ndi kutsogolo, kamera ili pa msinkhu wa mawondo. Muonere limodzi, ndipo mumufunse kuti, "Unamva bwanji pamene unaponda apa?" Ana ambiri amabisa ululu poopa kuchotsedwa mu timu, koma akadziona okha akuzemba mwendo amayamba kunena. Pa ulendo uliwonse konzani chinthu chimodzi chokha, ndipo ngati lero ndi chidendene, za manja zidikire sabata yamawa.