Anthu 6, kompyuta imodzi: konzani ofesi yanu ndi ma thin client

Pa ofesi yathu ku Moatize tilipo anthu 6, koma kompyuta yeniyeni ndi imodzi yokha, seva, yomwe tonse timagwiritsa ntchito limodzi. Aliyense ali ndi kabokosi ka thin client kumbuyo kwa sikirini. Ntchito yonse imachitikira mu seva, kabokosiko kamangotumiza zomwe mwalemba n'kukuonetsani chithunzi. Kamodzi sikadya magetsi opitirira ma watt 15, ndiye Credelec, mayunitsi a magetsi olipiriratu, imakhalitsa.

Yambani ndi pepala. Lembani anthu ndi mapulogalamu awo. Wongolemba makalata ndi kuwerengera ndalama muikireni 2 GB ya RAM ya seva (memori yogwirira ntchito), wokonda kutsegula masamba ambirimbiri pa Chrome 4 GB. Wokonza mavidiyo m'siyireni kompyuta yake. Kenako sankhani pulogalamu yoyendetsera seva: Windows Server imafuna laisensi ya RDS (yolowera mu seva muli pa kabokosi) ya munthu aliyense kapena kabokosi kalikonse, pomwe Ubuntu yokhala ndi xrdp, pulogalamu yolola timabokosi kulowa mu seva, ndi yaulere. Ife tinatenga Ubuntu chifukwa cha thumba.

Tsopano poika seva, apa ndiye mumvetsere. Ine ndinaopa akuba, ndiye ndinaitsekera m'kachipinda kosungiramo mafayilo, kopanda zenera, pansi pa malata. Unali mwezi wa June, zonse zinayenda bwino. Itafika October, nthawi yomwe kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, seva inayamba kuzima yokha cha m'ma 1 koloko masana. Seva ikazima, onse 6 amangoyang'anizana, makasitomala ali pa benchi. Ndinasintha waya, ndinaikanso pulogalamu, ndinakayikira magetsi, sabata yathunthu. Tsiku lina ndinalowamo masana n'kugwira chitsulo chake, chinali ngati mphika wochoka pamoto. Nditatsegula, fani inali itamatidwa ndi fumbi lakuda la malasha lija lomwe aliyense wa ku Moatize amalidziwa. Panopa seva ili pa shelefu m'chipinda cha AC (makina oziziritsa mpweya), m'khola lachitsulo lokhoma ndi loko, ndipo timaipemerera fumbi mwezi uliwonse. A ku Ulónguè, kozizirirako, mwina mungapulumuke ndi fani chabe, koma ku Tete ndi kuno musayese.

Waya wa netiweki gulani wa mtundu wa Cat6, usatalike kupitirira mamita 100, ndi switch ya liwiro la gigabit, bokosi lolumikiza timabokosi tonse ku seva. Wi-Fi isiyireni mafoni. Chenjerani ndi ogulitsa ena: wina anandipatsa bokosi lotchipa lolembedwa Cat6, koma nditapala kawaya kamodzi ndi mpeni m'kati munatuluka moyera. Imeneyo ndi aluminiyamu yokutidwa ndi kopa, imaduka msanga. Palani musanalipire. Timabokosi takale ta HP kapena Dell Wyse timagwira bwino, bola mukayatse pomwepo pa shopu.

Seva ndi switch zonse zikhale pa UPS, batire yothandiza magetsi akazima. Tsegulirani aliyense akaunti ndi pasiwedi yake, printa ikhale pa seva. Lachisanu lililonse koperani mafayilo onse pa disiki ina, mupite nayo kunyumba.