Dziwe likabiriwira kwambiri, yang'anani matope apansi

Alimi ambiri a nsomba amadabwa kuti asiya kuthira zitosi za nkhuku kwa milungu itatu koma madzi akadali obiriwira ngati msuzi wa chisoso. Vuto limakhala pansi, m'matope.

Madzi amabiriwira chifukwa cha ndere, ndipo chimene chimanenepetsa nderezo ndi fosifolasi, mchere womwe uja wa nambala yapakati pa thumba la feteleza wa NPK. Umalowa m'dziwe ndi manyowa, madeya amene nsomba zasiya, komanso dothi lokokoloka kuminda. Wambiri sukhala m'madzi, umakhazikika pansi. Matope akakhala ndi mpweya wa okosijeni, chitsulo cha m'dothimo chimaugwira mcherewu n'kuusunga ngati m'nkhokwe. Koma ndere zikachuluka, zimafa, zimamira ndi kuola, ndipo kuolako kumamaliza mpweya pansipo. Pamenepo chitsulo chimataya fosifolasi, iye n'kubwerera m'madzi kukadyetsa ndere zatsopano. Ndiye kuti dziwe likudzithira lokha feteleza. Zimachitika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, madzi akatentha ndi kuchepa.

Pitani kudziwe m'bandakucha. Mukapeza makumba ali pamwamba kukamwa yasa, mpweya watha usiku. Vuulani matope ndi dzanja: akakhala akuda bii, akununkha ngati dzira lovunda, nkhokwe ija yatseguka. Masana vikani mkono. Chikhatho chizisiya kuoneka madzi akafika cha m'chigongono. Chikasiya kuoneka mkono usanapite patali, lekani manyowa, chepetsani madeya, ndipo lowetsani madzi atsopano.

Nanga zomera? Zimene zili ndi mizu m'matope zimayamwa fosifolasi, mizu yake imalowetsako mpweya pang'ono, ndiponso zimagwira matope kuti asavundulidwe. N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona anthu akutentha bango ndi gumbwa m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja, makamaka ku Chilwa kumene madzi alibe potulukira, choncho cholowamo chimakhala momwemo. Komabe chomera chimangobwereka mcherewu. Chikafera m'madzi chimabweza wonse. Mukadula udzu wam'dziwe musausiye m'mphepete kuti mvula iubwezeremo, kauunjikeni pa kompositi kutali ndi madzi. Pang'ono chabe perekani kwa chilunguni, nsomba imene imadya masamba. Namasupuni musamuyese n'komwe kumubweretsa. Amaphimba madzi onse, ndipo mavuto amene wadzetsa mu Shire tonse tikuwadziwa.

Mukakolola nsomba, phwetsani dziwe liume mpaka matope ang'aluke. Palani akuda apamwambawo, osafika pa dongo limene limasunga madzi, muwatutire kudimba. Mpiru, tomato ndi nthochi zimakondwa nawo kwambiri matope amenewa, ndipo thumba la feteleza limene mukanagula mwalipeza pansi pa dziwe lanu lomwe.