Loshoni, pefyumu, mankhwala otsukira mano: momwe mungalowere nazo mundege osalandidwa

Amene mukukwera ndege koyamba dziwani ichi musanalongedze: pa sekyuriti sayang'ana kuti mafuta atsalamo ochuluka bwanji, amaona kukula kwa botolo basi. Malire ndi 100ml. Ndiye botolo la loshoni la 400ml olo mutatsala tapansi penipeni, likapezeka mchikwama cha m'manja likupita mu bini, ndipo kuchonderera sikuthandiza, uku kumbuyo kwanu mzere wa anthu othamangira ndege akukuyang'anani.

Lamuloli linabwera mu 2006, apolisi aku Britain atagwira anthu omwe ankafuna kuphulitsa ndege zochokera ku London ndi mabomba amadzimadzi obisa m'mabotolo a zakumwa.

Pomwe ambiri amagwa mpoganiza kuti zamadzi ndi zothira zokha. Ayi ndithu, chilichonse chopaka, chofinya kapena chopopera chili mgulu lomwelo: Vaseline, mankhwala otsukira mano, rolo-oni, jelo wa tsitsi, mascara, pefyumu, sipuleyi ya kukhwapa. Sopo wouma ndi paudala zilibe vuto, nchifukwa chake ine ndimati bola sopo wouma kusiyana ndi shawa jelo.

Tamadzi tonse timeneti tiikeni mkajumbo kapulasitiki koonekera mkati, kotseka ndi zipi, ka lita imodzi, pafupifupi 20cm mbali zonse. Munthu mmodzi kajumbo kamodzi, ndipo kazitsekeka bwinobwino, osati kuchita kukanikiza mpaka zipi kuyasama. Kaikeni pamwamba penipeni mchikwamamo chifukwa malo ambiri amati mukatulutse nkukaika mu thileyi, simukufuna kuyamba kufukula zovala zamkati pagulu. Mafuta omwe mumawakonda thirani m'timabotolo ting'onoting'ono, koma musadzaze mpaka pakamwa, m'mwamba mpweya umasintha ndiye zimatha kutayikira. Kapulasitiki pakamwa pa botolo musanatseke chivindikiro kamathandiza. Zikuluzikulu zonse zipite mchikwama chosiya pa kauntala.

Mankhwala akuchipatala ndi mkaka wa mwana amalola kupitirira 100ml, ingowauzani msanga ndipo kalata ya dokotala ikhale pafupi. Shevala yotaya mukagwiritsa ntchito imadutsa koma lezala lapalokha ayi.

Pefyumu wa ku duty free (masitolo a mkati mwa bwalo la ndege) musamatule jumbo yomwe akumatirani mpaka mutafika, lisiti likhale momwemo, makamaka ngati mukukasintha ndege pena pake nkusechedwanso.

Mabwalo ena a ndege anaika makina atsopano osechera, ngati Edinburgh ndi Birmingham ku Britain omwe mu 2025 anayamba kulola mpaka malita 2. Koma zisakunamizeni, pobwerera mutha kudzera pa bwalo lomwe likadali pa 100ml, ndiye onani webusaiti ya bwalo lililonse lomwe mudutsepo, apo ayi longedzani mwa 100ml momwemo.